Nsanja ya nyali ya pa chilumba cha Goa ndi njira yakale yochokera ku Nyanja ya Niassa

Mwana wa ku Metangula, ku Messumba kapena ku Cóbuè akakumana ndi liwu la Chipwitikizi lakuti farol m'buku, nthawi zambiri amangoliloweza. Chithunzi chimene chili pambali pa liwulo ndi cha nyanja yamchere imene iye sanaionepo, ndipo mphunzitsi nayenso amadutsapo msanga poganiza kuti nkhaniyo ndi ya anthu a kutali. Koma nsanja ya nyali yakale kwambiri m'dziko la Mozambique, imene ili pa chilumba cha Goa m'chigawo cha Nampula, inamangidwa pamapeto pa njira imene mbali yake ina inkafika ku Nyanja ya Niassa. Wofuna kumvetsa chifukwa chimene nsanjayo inamangidwira ayenera kudziwanso zimene zinkachitika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya kuno.

Malo ake ndi maonekedwe ake

Chilumba cha Goa ndi kachilumba kakang'ono, kathyathyathya, ka mchenga ndi miyala. Kali pamtunda wa makilomita pafupifupi 5 kum'mawa kwa chilumba chotchuka cha Mozambique, chimene Apwitikizi amachitcha Ilha de Moçambique. Kuchokera ku Metangula, kuyeza mowongoka, ndi makilomita pafupifupi 700. Pakachilumbapo palibe mudzi, palibe mtsinje. Dzina lakuti Goa linabwera chifukwa zombo zopita ku Goa, mzinda wa ku India umene Apwitikizi analanda mu 1510, zinkadutsa pamenepo potuluka padoko. Chakumwera kuli kachilumba kena kotchedwa Sena, dzina lofanana ndi la tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi.

Nsanjayo inayamba kugwira ntchito mu 1876. Si yozungulira ngati nsanja zambiri zimene zimajambulidwa m'mabuku. Ili ndi ngodya zinayi, ndipo inatuluka pakati pa nyumba yapansi imene osamalira nyali ankakhalamo. Poyamba inali yotalika mamita 12 okha. Mu 1923 anaikweza kufika mamita 31. Makoma ake anapakidwa mizere yopingasa, yofiira ndi yoyera. Mizereyo si yokongoletsera. Usiku woyendetsa chombo amazindikira malo ndi kuwala, koma masana amazindikira ndi maonekedwe a nsanja.

Doko lisanakhale ndi nsanja

Vasco da Gama atafika pachilumba cha Mozambique mu 1498 anapeza kuti panali kale tauni ya amalonda achisilamu, ndi zombo zawo, ndi anthu odziwa njira za panyanja. Apwitikizi anakhazikika pamenepo mu 1507. Anamanga kachalichi ka Nossa Senhora de Baluarte mu 1522, ndipo mu 1558 anayamba kumanga linga lalikulu la São Sebastião. Mpaka 1752, ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique unkalandira malamulo kuchokera ku Goa osati mwachindunji kuchokera ku Lisbon.

Nanga doko lofunika chotere linatha bwanji zaka zoposa 350 lopanda nsanja ya nyali? Yankho lili pa mtundu wa zombo za nthawiyo. Zinali zamatanga, ndipo mwini ulendo anali mphepo. Zombo zinkanyamuka ku Lisbon cha mu Marichi kapena Epulo kuti zikafike ku Mozambique mphepo yokankhira ku India ikadalipo. Chombo chochedwa chinkakakamizika kudikira miyezi yambiri kufikira mphepo itatembenukanso, ndipo amalinyero ambiri ankafa ndi malungo podikirapo. Kwa anthu oyenda chotero, kuchedwa usiku umodzi sinali nkhani. Chombo chikafika pafupi ndi miyala ya pansi pa madzi dzuwa litalowa, chinkayembekeza kunja mpaka kucha, kenaka n'kulowa motsogoleredwa ndi munthu wodziwa malowo.

Msodzi wa ku Lago sangadabwe nazo. Iyenso amadziwa kuti mwera ukayamba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ulendo umakonzedwa motsata mphepo osati motsata wotchi.

Njira ya minyanga ndi akapolo

Chuma cha doko la Mozambique sichinkachokera pachilumbapo. Chinkachokera kumtunda. M'zaka za m'ma 1700 amalonda achiyao, amene kwawo kunali kumapiri a kum'mawa kwa Nyanja ya Niassa, ankayenda milungu yambiri atasenza minyanga ya njovu kupita ku Mossuril, kumtunda koyang'anizana ndi chilumbacho. Kumeneko ankasinthanitsa minyanga ndi nsalu ndi mikanda kwa amalonda a ku India, ambiri a iwo ochokera ku Diu. Wolemba mbiri Edward Alpers anafotokoza bwino malonda amenewa m'buku lake la 1975 lonena za minyanga ndi akapolo m'dera lino la Africa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, katundu wofunidwa kwambiri anasintha. Afalansa ankafuna anthu okagwira ntchito m'minda ya pa zilumba zawo za m'nyanja ya India, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 zombo za ku Brazil nazo zinayamba kubwera kudzagula anthu. Njira zimene zinkadutsa minyanga zinayamba kudutsa akapolo. Ena ankaperekedwa ku Mozambique ndi ku Quelimane, ndipo ambiri ochokera kuzungulira nyanja ankapititsidwa kumpoto, ku Kilwa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800, Jumbe wa ku Nkhotakota anali ndi zombo zamatanga zowolotsa anthu ndi minyanga kubwera ku gombe la kum'mawa. Zimenezi zikutanthauza kuti gombe limene lero ndi boma la Lago linali pofikira pa anthu ogwidwa tsidya lija, asanayambe ulendo wapansi wopita kunyanja yamchere.

Anyanja a m'mbali mwa gombeli anapanikizika mbali ziwiri. Kwina kunali ogula ndi ogwira anthu, kwina kunali magulu a Angoni ochokera kumpoto amene ankathira nkhondo midzi. Anthu anasiya kukhala momwazikana n'kuunjikana m'midzi ikuluikulu yotchingidwa ndi malinga pafupi ndi madzi, kuti adani akabwera athawire m'mabwato. Amishoni achingelezi amene anafika kuno m'zaka za m'ma 1880 anapeza anthu akukhala motero.

Boma la Portugal linaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma lamulo la papepala silinatseke magombe. Malondawo anangochoka padoko lalikulu n'kusamukira m'timitsinje ndi m'makhwawa obisika, kumene zombo zing'onozing'ono zinkanyamula anthu usiku kupita nawo ku Madagascar ndi ku zilumba za Comoros. Zombo zoterezi sizinkafuna nyali. Mdima ndiwo unali bwenzi lawo.

N'chifukwa chiyani inamangidwa mu 1876?

Zinthu zitatu zinakumana m'zaka zimenezo. Choyamba, ngalande ya Suez inatsegulidwa mu 1869, ndipo ulendo wochoka ku Ulaya kubwera ku gombe la kum'mawa kwa Africa unafupika. Chachiwiri, sitima zoyendera nthunzi zinayamba kulowa m'malo mwa zombo zamatanga. M'zaka za m'ma 1870 makampani a ku Britain ankayendetsa makalata, katundu ndi anthu m'gombeli motsata masiku oikika. Sitima yotentha malasha siyembekeza kucha mwaulere, chifukwa ola lililonse lili ndi mtengo wake, ndipo doko limene silingafikidwe bwino usiku limayamba kulambalalidwa. Chachitatu, katundu wotuluka padoko ankasintha. Makampani a ku Ulaya, ena a iwo ochokera ku Marseille, ankagula mtedza ndi chitowe zokayenga mafuta, ndiponso mphira. Mu 1875 Portugal inakhazikitsa lamulo lothetseratu zotsalira za ukapolo m'maiko amene inkalamulira. Boma linkafuna kuonetsa maiko ena kuti gombeli lili m'manja mwake ndipo ndi lotseguka ku malonda ovomerezeka. Nsanja yowala pakhomo pa likulu inali njira imodzi yonenera zimenezo.

Nthunzi inafika kunyanja ziwirizi pafupifupi nthawi imodzi. Mu Okutobala 1875, chaka chimodzi nyali ya pa Goa isanayake, sitima yaing'ono ya amishoni a ku Scotland yotchedwa Ilala inalowa mu Nyanja ya Niassa. Inabwera kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndipo pa mathithi anthu anaisenza pamutu m'zidutswa. Munthu mmodzi anaona mbali zonse ziwiri. Frederic Elton, kazembe wa Britain pa chilumba cha Mozambique kuyambira 1875, ankafufuza za malonda obisika a akapolo m'gombe la kumeneko. Mu 1877 anaganiza zokaona kumene anthuwo ankachokera, ndipo anafika ku nyanja ino n'kukwera Ilala kupita kumpoto. Anamwalira chakumapeto kwa chaka chomwecho ali pa ulendo wapansi m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ulendo wake ukuonetsa kuti anthu a nthawiyo ankadziwa kuti doko ndi nyanja ya kumtunda ndi nkhani imodzi.

Pamenepa mphunzitsi ayenera kusamala. N'zoona kuti nyali inapulumutsa miyoyo ya amalinyero ndi apaulendo. N'zoonanso kuti sinayatsidwe chifukwa cha anthu a kumtunda. Ukapolo utatha m'malamulo, ntchito yokakamiza ndi msonkho zinalowa m'malo mwake. Pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal linapereka mbali ya gombe la kum'mawa kwa nyanja ino kwa Apwitikizi, kupatula zilumba za Likoma ndi Chizumulu. Dera lonse la Niassa ndi Cabo Delgado linaperekedwa kwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene inalamulira mpaka 1929, ndipo phindu lake lalikulu linkachokera ku msonkho wa nyumba ndi kutumiza amuna kukagwira ntchito kutali. Mabanja ambiri anathawira tsidya la Nyasaland ndi ku Tanganyika. Chaka chimene amisiri ankakweza nsanja ya pa Goa, mu 1923, anthu a ku Lago anali akadali pansi pa kampaniyo.

Kutalika ndi kuwala

Chifukwa chokwezera nsanja kuchoka pa mamita 12 kufika 31 n'chosavuta kufotokozera ana. Dziko ndi lobulungira, choncho madzi amabisa chinthu chili patali ngakhale chitawala bwanji. Munthu amene maso ake ali mita imodzi pamwamba pa madzi, monga wokhala m'bwato, amaona pamwamba pa madzi mpaka makilomita pafupifupi 3.6. Wokwera mamita 12 amaona mpaka makilomita 12 ndi pang'ono. Wokwera mamita 31 amaona pafupifupi makilomita 20. Lamulo lake ndi ili: pezani nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka kutalika kwa nsanja m'mamita, kenaka muichulukitse ndi 3.6. Onani kuti nsanja inatalika kuposa kawiri ndi theka, koma mtunda woonekera sunafike ngakhale kawiri. Komabe makilomita asanu ndi atatu owonjezerawo anali ofunika kwa sitima zazikulu ndi zothamanga za m'zaka za m'ma 1920, zimene zinkafuna kudziwa malo awo zikadali kutali ndi miyala.

Kutalika kokha sikukwanira. Lawi la nyali limamwaza kuwala mbali zonse, kumwamba ndi pansi komwe. Katswiri wa ku France, Augustin Fresnel, anapanga galasi lamizeremizere losonkhanitsa kuwalako n'kukutumiza mopingasa pamwamba pa madzi. Linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1823 pa nsanja ya Cordouan ku France, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 magalasi a mtundu umenewu anali atafalikira pa nsanja za dziko lonse. Nsanja iliyonse imapatsidwanso kaphethiridwe kakekake: ina imaphethira kamodzi, ina kawiri kapena katatu, n'kupuma masekondi oikika. Woyendetsa sitima amawerenga kaphethiridweko, n'kuyang'ana m'buku lake, n'kudziwa dzina la malo. Tinganene kuti nyali iliyonse imatchula dzina lake usiku wonse.

Magetsi asanabwere, zonsezi zinkadalira anthu. Osamalira nyali pa nsanja za nthawiyo ankakweza mafuta pamasitepe, kudula chingwe cha nyali, kupukuta mwaye ndi mchere pamagalasi, ndi kulemba m'kaundula nthawi yoyatsa ndi yozimitsa. Pa kachilumba ngati Goa, chakudya ndi zofunika zina zinkayenera kubwera pa bwato, ndipo nyanja ikakwiya bwato silibwera. Mabuku a mbiri amasunga maina a abwanamkubwa, koma amene anaswa miyala, kuwotcha laimu ndi kupalasa mabwato onyamula katundu womangira satchulidwa kawirikawiri.

Doko linazilala, njira inatsala

Nsanjayo itangokwanitsa zaka 22, chilumba chimene inkalondera chinataya udindo wake. Mu 1898 likulu linasamutsidwira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Chuma chinali chitatembenukira kumwera, ku migodi ya golide ya ku Transvaal. Doko la Beira nalo linakula, ndipo nsanja yake ya Macuti inamangidwa mu 1904. Kumpoto, njanji inayambira ku Lumbo, moyang'anizana ndi chilumba cha Mozambique, n'kulowera kumtunda kudzera ku Nampula ndi ku Cuamba. Koma sitima zapamadzi zinkakulirakulira, ndipo doko lakuya la Nacala linalanda ntchito m'zaka za m'ma 1950. Chilumbacho chinalumikizidwa ndi mtunda ndi mlatho wa makilomita oposa atatu m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse.

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Njanji inatsata chigawo chomwecho chimene amalonda achiyao ankadutsa, ndipo inafika ku Vila Cabral, Lichinga wa lero, mu 1969. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu Seputembala 1964, Cóbuè anali amodzi mwa malo oyamba kuukiridwa ndi asilikali a FRELIMO. Apwitikizi anakhazikitsa malo a asilikali apamadzi ku Metangula, tauni imene iwo ankaitcha Augusto Cardoso. Maboti awo ankhondo anachokera kunyanja yamchere, ananyamulidwa pa njanji mpaka ku Catur, kenaka pamsewu mpaka ku Meponda, kumene anawatsitsira m'madzi. Kale katundu ankatsika kuchoka kuno kupita kugombe atasenzedwa pamutu. Tsopano zida zinakwera kuchoka kugombe kubwera kuno. Agogo ambiri a ana a m'sukulu za ku Lago anaona mabotiwo ndi maso awo, ndipo ambiri anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania m'zaka zimenezo.

Nkhaniyi m'kalasi ya zilankhulo ziwiri

Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zoyamba kuyesedwa m'sukulu za boma ku Mozambique, pa ntchito ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, imene inachitika ku Tete m'Chinyanja ndi ku Gaza m'Chichangana. Maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kufalikira m'zigawo kuyambira 2003. Funso limene aphunzitsi amakumana nalo kuyambira nthawi imeneyo ndi lakuti: chinthu chimene mwana sanachionepo, ndipo chilibe dzina limodzi lodziwika m'chilankhulo chake, chiphunzitsidwe bwanji?

Mbiri ya liwu lakuti farol ikhoza kulimbitsa mtima. Liwulo linachokera ku Pharos, dzina la chilumba cha pafupi ndi Alexandria ku Egypt, pamene panamangidwa nsanja yotchuka zaka pafupifupi 280 Yesu asanabadwe. Chipwitikizi nacho chinachita kubwereka, n'kusandutsa dzina la malo kukhala dzina la chinthu. Choncho palibe chochititsa manyazi ana akanena kuti nsanja ya nyali, kapena nsanja younikira zombo, kenaka n'kuphunzira kuti m'Chipwitikizi ndi farol. Mawu a Chinyanjawo akufotokoza ntchito ya chinthucho, zimene liwu la Chipwitikizi silichita.

Mwana wa m'mbali mwa nyanja amadziwa kale zambiri zofunika pa phunziroli. Amaona nyali za asodzi a usipa zitandanda pamadzi usiku wopanda mwezi, ndipo amadziwa kuti nyali imeneyo ndi yoitana nsomba, osati yochenjeza bwato. Kusiyanitsa nyali ziwirizi ndi poyambira pabwino. Amadziwa kuti tsiku lowala mapiri a tsidya la Malawi amaoneka koma mchenga wa gombe lake suoneka, ndipo chimenecho ndicho chifukwa chomwe nsanja ya pa Goa anaikwezera. Amamva akuluakulu akutchula mwera, mpoto ndi vuma. Akhoza kufunsa kwawo kuti wopalasa bwato amazindikira bwanji dooko la kwawo usiku, kaya ndi mthunzi wa phiri, kaya ndi mlambe, kaya ndi moto wa pamudzi, kaya ndi nyenyezi, n'kubweretsa mayankhowo m'kalasi m'Chinyanja asanawalembe m'Chipwitikizi.

Kwa ana a m'makalasi apamwamba, funso la mbiri ndilo lofunika kwambiri: nyali ya 1876 inayatsidwira yani, ndipo anthu a kuno ankakumana ndi zotani chaka chimenecho? Mphunzitsi akhoza kujambula mizere iwiri pabolodi, wina wa chilumba cha Goa ndi wina wa gombe la Lago, n'kuika zaka 1875, 1876, 1891, 1923, 1929 ndi 1964 pamene zikuyenera. Ana adzaona okha kuti mzere wa kwawo suli wopanda kanthu. Zimene agogo awo akukumbukira za Metangula ndi Cóbuè zikhoza kulembedwa pamzerewo, pambali pa zimene zili m'mabuku.